Chifundo Chovala Jekete

Envulopu inali yopepuka ngati khoko la chimanga.
Bambo anafika nayo ku Chawama ataipinda pakati
m'thumba la malaya a ulonda,
malaya oti mawa lake akabweze.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
akulondera simenti ya eni ake mumsewu wa Lumumba,
kalata n'kunena kuti ndalamazi si ngongole ya kampani ayi,
ndi eleemosynary chabe.

"Tiyankhulenji, iwe sukulu unamaliza,
chilombo chimenechi n'chiyani?"
Ndinaliyesa pakamwa liwulo.
Linandiima pakhosi ngati munga wa nsomba.
Foni inali itazima, magetsi anapita mbandakucha.

Loweruka ndinatsika basi pa Kulima Tawa
kukapeza a Zakeyo Mvula, ogulitsa mabuku akale pakhonde,
pakati pa mayi wa nthochi ndi mnyamata wa matchaja.
Anandipatsira dikishonale yothothoka chikuto.
"Werengani choimirira. Chala osanyowetsa."

Ndinalipeza m'munsi mwa tsamba,
njovu ya Chingerezi isanafike.
Timalemba tating'ono tinaulula kwawo:
linabadwira kwa Agiriki, eleos,
ndiko kuti chifundo,
kuja mtima umathyoka poona mnzako ali pansi.
Linaolokera kwa Aroma, linalowa m'tchalitchi,
linayenda mzere ndi mzere m'mbale ya zopereka.
Ku Mangalande pakamwa pa anthu panalinyambita
zaka mazanamazana
mpaka linatha ngati sopo wa bafa ya anthu alendi,
kutsala kachibenthu, alms,
koti wanjala atchule ndi mpweya umodzi.
Kenaka ophunzira anabwerera kumanda a Chilatini,
analifukula lathunthu, mafupa onse ali m'malo,
analiveka jekete, analipatsa ofesi.

Mimba imodzi, ana awiri:
wina ali pakhomo la tchalitchi, dzanja lili m'mwamba,
wina pampando wozungulira, chidindo chili m'manja.
Akakumana mumsewu wa Cairo sapatsana moni.

"Mwalipeza?" anafunsa a Mvula, akukupiza fumbi.
Ndinati eya.
"Ndiye likuti chiyani?"
Ndinagula nthochi ziwiri, imodzi ndinawapatsa.

Pobwerera basi inaima nthawi yaitali pamaloboti.
Kamtsikana kanali kutsogolera munthu wosaona
pakati pa magalimoto otseka mawindo,
kachitini kakulira ndi mangwee atatu kapena anayi.
Ndinayang'ana kumbali.
Ndinali nditanyamula m'bale wake wa kachitiniko m'chikwama.

Bambo ndinawapeza akupolisha jombo
zimene sadzavalanso.
"Akuti akuchitirani chifundo."

Burashi inaima.
Kwa aneba wailesi inali kulengeza za maliro.

"Chifundo amachitira munthu wogundidwa ndi galimoto.
Ine ndinawagulitsa tulo.
Tulo ta mwezi wa Juni, chisanu chikuluma m'mawondo,
tulo ta usiku umene unabadwa iwe,
tulo ta tsiku lija akuba anandigulula dzino ili.
Bwerera kubuku lakolo,
ukafunse liwu la tulo tosalipidwa."

Ndinati bukulo si langa,
ndipo a Mvula sabwereketsa kawiri.

Anaseka, mpata wa dzino uja ukuonekera.
Kenaka anawerenga ndalamazo, kawiri, akunyowetsa chala:
izi za lendi ya a Nakamba,
izi thumba la makala,
izi mankhwala a amayi ako a shuga.
Zotsala sizinakwane kudzaza chikhatho.

Kalata sanaitaye.
Tebulo lathu lakhala likutsimphina chichokere ku Matero.
Anaipinda kanayi, anagwada,
anaiponderetsa pansi pa mwendo waufupiwo.

Liwu lija lachoka kutali,
ladutsa nyanja, matchalitchi ndi maofesi.
Tsopano lili pansi pa tebulo ku Chawama,
ndipo tiyi sakutayikanso.